Zaka Khumi ndi Chimodzi a Samsoni Akusankha Kiyibodi

Inu amene mwabwera pa esiteti pano dzulodzuloli a Samsoni simunawaone, ndiye khalani pansi ndikuuzeni. Mwamuna amasankha mkazi mwezi umodzi, ena tsiku limodzi pamsika wa Bvumbwe. Mbuzi timangoyang'ana mano n'kukoka chingwe. Koma bambo amenewo anasankha kiyibodi zaka khumi ndi chimodzi. Kugula ayi, kusankha basi. Mwana amene anabadwa tsiku limene iwo anayamba kusankha anafika Sitandade 5 iwo akadali pa "tione kaye inayo."

Ndipo ankasankha ndi dzanja limodzi. Lamanzere linkakhala m'thumba la buluku, dzuwa kaya chiperoni. Telala wa pa boma ankachita kuwasokera thumba lalitali lofika pabondo. Munthu woleredwa popereka moni amagwira mkono ndi dzanja linalo, eti? Iwo ayi. Kwa abusa, kwa bwana manijala, kwa apongozi awo enieni, kadzanja kamodzi neng'a ngati mzungu. Alendo ankati ndi mwano. Ife tinkadziwa kuti si mwano, ndi uchitsiru wamtundu wina.

Ine Alesi ndathyola tiyi mzere umodzi ndi akazi awo, a Vailet, kuyambira tili atsikana, ndiye nkhaniyi sindinachite kumva kwa munthu. Kale esiteti ino inali ndi bandi, ndipo gitala ya magetsi inali imodzi, yofiira. Ankaigwira ndi a Samsoni. Nkhope analibe, tisanamizane. Mutu ngati papaya, miyendo ngati nsungwi. Koma akakoka waya ndi zala zakumanzere zija, gitala inkalira ngati munthu amene akufuna kuseka koma pakhomo pali maliro. A Vailet anamva kamodzi kokha pa zisangalalo za Khirisimasi, basi mutu unazungulira. Ndinawauza ine kuti achemwali, mukukwatiwa ndi gitala, mwamunayu akungobwera ngati chikwama chake. Sanamve.

Chaka chotsatira chisankho cha matipate, nyengo yodulira tiyi, a Samsoni anagwira nthambi ndi dzanja lamanzere, chikwanje kumanja, maso kwa atsikana aganyu amene ankadutsa ndi ndowa. Chikwanje sichiyang'ana atsikana. Zala zitatu zinatsalira m'tiyi. Kunatsala chala chachikulu ndi kakang'ono kakumapeto. Atachoka kuchipatala anawapatsa ulonda wa masana pa geti la fakitale, dzanja linalowa m'thumba, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale akazi awo ankaliona mwangozi. Posamba ankatseka bafa ndi chiguduli ngati namwali.

Patapita zaka ziwiri kunali ukwati kwa Chimaliro. Kunabwera munthu mmodzi ndi kiyibodi ija yoti ukadina batani limodzi, ng'oma, besi, zitoliro, zonse zimalira zokha ngati yameza bandi yonse. Kenako woimbayo anadina pena, chinthu chija n'kuyamba kuyerekeza gitala. A Samsoni anaimirira mpunga uli m'kamwa.

"Amake Emma, mwamva? Gitala yopanda waya! Yongofuna dzanja limodzi!"

A Vailet anapitiriza kutafuna. "Imeneyo si gitala. Ndi udzudzu wa m'botolo."

Mwana wawo Emma, amene ndi namwino ku Blantyre, anali pomwepo. Mwana wachifundo, koma chifundo chinaphetsa msemamitondo. Anati, "Ababa, pitani ku Limbe mukasankhe imene ikulira bwino, ine ndidzakugulirani." A Samsoni anamenya pamtima ndi dzanja lawo limodzi lija n'kulumbira pamaso pa anthu onse kuti sadzaloza kiyibodi iliyonse mpaka amake Emma atanena ndi pakamwa pawo kuti iyi ndi gitala. Mawu atatu okha amenewo ndi amene ankawafuna. Mavuto athu anayambira pamenepo.

Mwezi uliwonse, Loweruka loyamba, minibasi ya ku Limbe. A Samsoni jekete, a Vailet chitenje chatsopano ndi nthochi zowiritsa m'kathumba. Kumeneko kunali sitolo yogulitsa mawailesi ndi zoimbira, ndipo wogulitsa wake anali a Cuthbert. Bambo amenewo anayamba kuwalandira a Samsoni ali ndi tsitsi lodzaza mutu, anamaliza ali ndi dazi lowala ngati mbale.

Ulendo wina ndinapita nawo chifukwa ndinkakachotsetsa dzino, ndiye ndinaona ndekha. Tikulowa, a Cuthbert anatseka maso ngati munthu amene wamva kuti mlendo wabwera ndi mphasa yake.

"Mwabweranso, madala."

"Kasitomala sabweranso, amangobwera. Tulutsani zatsopano."

Lamulo linali lakuti a Vailet akhale pa mpando atafulatira, maso kukhoma, kuti maonekedwe asawanamize. A Samsoni ankayamba ndi kugogoda kiyibodi ndi chibakera khutu lili pafupi, ngati akusankha dzungu. Kenako ankainunkhiza. Ati yabwino imanunkha sitima yapamadzi. Akatero ankauza a Cuthbert kuti aike pa gitala, iwo n'kutambasula zala zakumanja, ting'i ting'i ting'i.

"Amake Emma?"

"Chitseko cha chimbudzi."

Ina. Ting'i ting'i.

"Nanga iyi?"

"Mphaka wopondedwa mchira."

Anatulutsa yakuda yaitali, yamabatani ambiri ngati m'ndege. A Cuthbert ankachita kuinyamula ngati khanda. A Samsoni anaimba mpaka thukuta.

"Amake Emma, musafulumire, mvetserani bwino."

"Ndamva. Mbuzi yomangidwa pa njinga."

A Cuthbert anaona kuti afa ndi mtima, ndiye anaganiza zachinyengo. Pali batani lina limene ukadina kiyibodi imaimba yokha nyimbo imene anaiikamo kumene anaipangako. Anatsinzinira a Samsoni n'kudina. Mayo ine, munalira zinthu m'sitolo muja! Anthu anaima pakhomo, wina mpaka anatsitsa thumba la makala. A Samsoni ankangoyendetsa zala m'mwamba osakhudza kanthu, nkhope ili gwa ngati woweruza milandu.

A Vailet anasenda nthochi. "Ameneyo akuimba bwino," anatero osatembenuka. "Mum'patse moni. Koma si amuna anga."

Ine dzino linasiya kuwawa chifukwa cha kuseka.

Mwezi wina, ndinamva kwa a Vailet, a Cuthbert anafuna kuwatchera msampha kuti aoneke kuti amangokana zilizonse. Anatenga gitala yeniyeni ya mawaya n'kuiliza kumbuyo kwawo. A Vailet anati, "Eya, imeneyo ndi gitala. Koma woimbayo abwerere kogulitsa mawailesi." Kuyambira tsiku limenelo a Cuthbert akaona jekete lija likutsika minibasi, ankauza anzawo kuti akukadya nkhomaliro, ngakhale ili naini koloko.

Kuno kunyumba ndiye tinkavutika ndi ife. Munthu ukuchokera kumunda dengu lili pamsana, khosi likuphwanya, ukuthamangira kusikelo masamba asanafote, iwo akuimitsa pa geti. M'thumba lakumanja ankasungamo mapepala ong'ambika a zithunzi za makiyibodi, akuda ndi mafuta a zitumbuwa.

"Alamu, mukudziwa kuti yakuda imalira mozama kuposa yasiliva?"

"Ndikudziwa kuti denguli likulemera."

"Za ku Joni n'zabodza. Yeniyeni ndi ya ku Japan, koma isadzere pa Joni, imatengerako chimfine."

"A Samsoni, inu ku Japan munafikako? Munthu ku Luchenza komwe mumasochera."

"Mbuli siidziwa nyimbo."

"Mbuliyo ili ndi zala khumi, ndipo zonse zili panja."

Ndikatero ankakankhira dzanja lija pansi kwambiri m'thumba. Mawa lake ankayambiranso ngati sitinayankhulane. Chaka cha njala ija anthu tikudya mizu ya nthochi, iwo anali pa geti kufotokozera oyendetsa mathirakitala kuti vuto la makiyibodi a masiku ano ndi sipika. Munthu mimba ikulira kuposa sipikayo. Emma anakwatiwa, anabereka, anaberekanso, akabwera n'kufunsa kuti ababa mwasankha, iwo ankati, "Zinthu zabwino sizifuna phuma, amako makutu awo ndi ovuta." Amuna! Mwamuna akalephera kulima amati khasu ndi lopindika. Awa anatukwana makasu a dziko lonse la Japan.

Ndiye mu 2008 pa sukulu ya pulaimale ya pa esiteti panabwera mphunzitsi wamkazi wochokera kumpoto, a Uchizi. Nyumba za aphunzitsi zili ndi magetsi, ndipo mayiyo anabwera ndi kiyibodi yake imene ankaimbira kwaya kutchalitchi. A Samsoni anamva fungo lake tsiku lomwelo. Lamlungu masana anakoka akazi awo, ine n'kutsatira pambuyo chifukwa zaulere sindiphonya.

A Vailet anakhala pa mpando n'kufulatira monga mwa nthawi zonse. A Uchizi anadabwa koma anangoti mwina ndi mwambo wa kuno. A Samsoni anagogoda, ananunkhiza, anaimba. Ting'i ting'i ting'i.

"Amake Emma?"

"Nkhuku yomira m'chitsime."

A Uchizi anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako anati, "Adada, pepani, koma mukuimba ngati mukulemba kalata pa taipi. Gitala imalira chifukwa munthu amakoka waya. Pano waya wake ndi aka." Analoza kawilo kakang'ono kumapeto kwa kiyibodi, kumanzere. Anadina ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kukankha kawilo kaja pang'ono, ndipo mawu aja anapindika, anakwera, n'kubwerera ngati munthu wousa moyo. Ndinaona msana wa a Vailet ukugwedezeka.

"Kameneko ndimakadziwa," anatero a Samsoni. "A Cuthbert anandionetsa kalekale. N'kachibwana."

"Si kachibwana, adada. Popanda kameneka palibe kiyibodi imene ingalire ngati gitala, ngakhale mutapita ku Japan wapansi. Kamangofuna chala chimodzi chakumanzere."

Zaka zonsezi, minibasi zonse zija, dazi la a Cuthbert, kani munthu ankadziwa!

Mukuganiza kuti analitulutsa dzanja? Simuwadziwa a Samsoni. Anayesa kudina ndi lamanja n'kuthamangira ku kawilo ndi dzanja lomwelo, koma akafika mawu atatha kale. Anayesa ndi chigongono chakumanzere dzanja likadali m'thumba, atapindika ngati munthu wa m'mimba, n'kugwetsa maluwa apulasitiki a pa tebulo. Anawerama n'kuyesa ndi chibwano. Kiyibodi inalira ngati ng'ombe yobereka. Pomaliza anati, "Alamu, tabwerani muzindikankhira kameneka ndikakutsinzinirani."

Ndinati, "Ine ndinakwatiwa kale, musanditsinzinire."

Pamenepo a Vailet anatembenuka. Zaka khumi ndi chimodzi akuyang'ana makoma a anthu, tsiku limenelo anatembenuza mpando.

"Abambo a Emma, tulutsani dzanjalo."

"Dzanja lanji?"

"Limene ndinakwatiwa nalo."

"Linatsalira m'tiyi."

"M'tiyi munatsala zala zitatu. Zinazo mwazikwirira nokha zili zamoyo. Ine ndakalamba ndi kuyang'ana khoma, sindipitanso ku Limbe."

A Samsoni anatola chipewa n'kutuluka osatsanzika. Anakwiya masabata atatu. Nyemba za kalongonda zimene ankazikonda kwambiri ankangoziyang'ana. Pa geti ankatitsegulira osanena kanthu, mapepala aja osatulutsa. Ndipo ndikuuzeni zoona, dengu linkalemera kwambiri masiku amenewo, chifukwa munthu unalibe womutukwana. A Vailet nawo ankathyola chete, milomo ili yomata. Ndinawafunsa kuti bwanji osangonena mawu awo atatuwo munthu apume. Anati, "Ndim'namize? Ananama kale yekha, tikhale awiri?"

Tsiku lina m'mawa mu Disembala, sukulu zitatsekera, tinkathyola munda umene uli kumbuyo kwa nyumba za aphunzitsi. Mvula inali itagwa, tiyi ataphuka bwino, aliyense maso pansi, manja akuthamanga. Kenako kumbuyo kwathu kunayamba kulira kanthu. Poyamba ting'i ting'i yemwe uja. Kenako mawu amodzi anapindika molakwika, ngati mwana amene akuphunzira mluzu. Anabwerezanso. Kachitatu anakwera bwinobwino, anaima m'mwamba akunjenjemera, n'kutsika pang'onopang'ono. Kanali kanyimbo kaja ka pa Khirisimasi, kopanda mawu, kamene kanazunguza mutu wa mnzanga ali mtsikana.

Manja a a Vailet anaima pamwamba pa tiyi. Sanatembenuke. Anamvetsera atafulatira choncho mpaka kanyimbo kanafika pakati.

"Achemwali, mwamva?"

"Ndamva. Geti la fakitale lili lopanda mlonda."

Anavula dengu n'kuliika pansi pakati pa mzere. Zaka zonse zimene ndathyola nawo sindinawaonepo akutula dengu asanafike kusikelo. Kapitawo anakuwa, iwo osacheuka. Ine ndinatula langa n'kutsatira, kapitawo n'kukuwa kawiri.

Tinasuzumira pawindo. A Uchizi anali atakhala pakona akusoka, ngati sakuona. A Samsoni anali chilili, jekete pansi, dzanja lamanzere lili panja. Linali lotuwa ngati chinangwa chosenda, nanga zaka khumi ndi zitatu osaona dzuwa. Chala chachikulu chinali pa kawilo, kakang'ono kaja kataima m'mwamba ngati dona akumwa tiyi. Atationa, dzanja linayamba ulendo wobwerera kwawo.

"Mukalibweza m'thumba, ine ndikubwerera kumunda," anatero a Vailet.

Dzanja linaima panjira. Linabwerera pa kawilo. Anamaliza kanyimbo konse akazi awo akuwayang'ana, osati kumaso, koma padzanja pomwepo. Atamaliza, mawu awo anatuluka aang'ono.

"Amake Emma?"

"Iyi ndi gitala."

Mukuganiza kuti anathokoza? Kapena kugwetsa msozi? Anamenya tebulo. "Ndimanena ine! Ya ku Japan yeniyeni! Nkhani ndi kusankha mofatsa!"

A Uchizi anadula ulusi ndi mano. "Adada, imeneyi ndinagula ku Limbe kwa bambo wina wadazi. Anati yakhala m'sitolo zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa kuli mayi wina wa ku Thyolo amene anaitcha mbuzi yomangidwa pa njinga."

Pobwerera kumunda ndinawafunsa a Vailet ngati ankadziwa za kawilo kaja zaka zonsezi. Anati, "Ine za makiyibodi ndizidziwira kuti? Ndinkangomva kuti amuna anga mulibemo. Munthu ameneyu kukoma kwake konse kunali m'dzanja limenelija. Kwinaku mukukudziwa nokha."

Emma anagula ina yonga yomweyo sabata lomwelo, kuopa kuti bambo ake angasinthe maganizo. Akuti a Cuthbert anainyamula okha pamutu mpaka pa siteji ya minibasi, n'kuima pamsewu kubayibitsa mpaka galimoto itazimiririka. Kumalaini kwathu kulibe magetsi, ndiye ankailiza ndi batire ya galimoto, akaweruka pa geti mpaka dzuwa kulowa. Tinatopa nayo. Kanyimbo kamodzi komweko, tina tiwiri ta tchopa, basi. Moni ndiye anayamba kupereka ndi manja awiri mochita kunyanya, kwa ana omwe, dzanja lija kuliika patsogolo ngati wotchi yatsopano. Munthu wosadziwa pakati: kubisa kwambiri, kuonetsa kwambiri.

Anaimba miyezi isanu yokha. Chiperoni choyamba cha 2009 anagwa pa geti ndi matenda othamanga magazi, pofika kuchipatala anali atapita. Kusankha zaka khumi ndi chimodzi, kuimba miyezi isanu. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma ngakhale ine ndikuona kuti pamenepo munthu anadzibera yekha.

Amuna osambitsa maliro atawaveka suti, anatuluka n'kunong'oneza kuti thumba lakumanzere la buluku ndi losokedwa, kodi telala analakwitsa? A Vailet anati, "Ndasoka ndine. Kumene akupitako asakayambirenso." Ndiye anapita manja onse ali pachifuwa, lotuwa lija lili pamwamba.

Pa geti pano pali mlonda wina, waulemu, amatsegula n'kutseka osakuuza kanthu za Japan. Timadutsa msanga, kusikelo timafika masamba asanafote, palibe wodandaula. Koma ine ndikafika pamenepo ndimapeza kuti ndachepetsa liwiro, chitukwano chili kale pa lilime, wochilandira palibe, ndiye ndimachimeza n'kupita nacho kunyumba. M'maukwati anyamata amadina batani, chinthu n'kumaimba chokha iwo manja onse ali m'mwamba kubayibitsa atsikana. Zala khumi, ntchito yake palibe.

Kiyibodi ija ili m'nyumba mwa a Vailet, yofunditsidwa chitenje. A Uchizi anaipempha kuti izikathandiza kwaya, anakanizidwa. Ndikadutsa madzulo pochokera kumunda ndimawapeza mnzanga atakhala pakhonde, mpando atautembenuza, msana kuchitseko, maso kukhoma la bafa. Tsiku lina ndinati, "Achemwali, msewu uli uku, mukuyang'ana chiyani kukhomako?"

Anati, "Khalani chete, Alesi. Mwina afunsa."